Agogo akayamba kuiwala: ukalamba umathera pati, matenda n'kuyambira pati?

Achibale akapita ndi agogo kuchipatala chifukwa choti mutu sukugwira bwino, ambiri amadabwa ndi mafunso a dokotala. Amayembekezera kuti agogo ajambulidwa m'mutu, koma dokotala amayambira zapakhomo. Kodi akuphikabe okha? Akapita kumsika kwa Kamwendo amabwera ndi chenji chokwanira? Mankhwala a BP amakumbukira okha kumwa, kapena mpaka mdzukulu awapatsire m'manja? Mafunsowa si ongocheza nawo. Malire a pakati pa kuiwala kwa ukalamba ndi matenda oiwalaiwala, omwe achipatala amati dementia, amaikidwa pa zimene munthu akutha kudzichitira tsiku ndi tsiku, poyerekeza ndi mmene mwiniwakeyo ankachitira kale.

Bungwe la World Health Organization limati anthu oposa 55 miliyoni padziko lonse ali ndi matendawa, ndipo oposa 60 mwa 100 alionse a iwo ali m'mayiko osauka ndi otukuka pang'ono. Kuno kwathu kalembera wa 2018 anapeza kuti pafupifupi anthu 5 mwa 100 alionse ali ndi zaka 60 kapena kuposerapo, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza anthu achikulire. Komabe nkhalamba ikapezeka m'bandakucha pakhomo pa eni itasokera, ndi ochepa amene amayamba aganiza za matenda.

Ntchito zapathupi ndi ntchito zoyendetsera pakhomo

Kudzidalira kuli magawo awiri, ndipo sagwa nthawi imodzi.

Gawo loyamba ndi ntchito zapathupi. Dokotala wina wa ku America, Sidney Katz, ankasamalira okalamba othyoka fupa la m'chiuno pachipatala cha Benjamin Rose mumzinda wa Cleveland, ndipo ankafuna njira yodziwira ngati wodwala akupezadi bwino. Mu 1963 iye ndi anzake anatulutsa muyeso wa ntchito 6: kusamba, kuvala, kupita kuchimbudzi, kudzuka pogona kapena pampando, kudzigwira mkodzo ndi chimbudzi, komanso kudya. Anaonanso kuti ntchitozi zimatayika mwandondomeko. Kusamba ndi kuvala ndi zimene zimayamba kuvuta, pomwe kudya kumatsalira mpaka kumapeto.

Gawo lachiwiri linabwera mu 1969. M. Powell Lawton ndi Elaine Brody a ku Philadelphia, ku America komweko, anaona kuti munthu akhoza kumasamba ndi kudya yekha koma osathanso kukhala payekha. Iwo anandandalika ntchito 8: kuimba foni, kugula zinthu, kuphika, kukonza m'nyumba, kuchapa, kuyenda ulendo, kumwa mankhwala moyenera ndi kuyendetsa ndalama.

Ubongo ukayamba kufooka, ntchito za gawo lachiwirili ndi zimene zimagwa poyamba, nthawi zina zaka zingapo kusamba kusanayambe kuvuta. Zili ngati nyumba yofolera ndi udzu: denga limayamba kudontha makoma adakali chilili, ndipo wodutsa kumsewu amati nyumbayo ili bwinobwino. Ntchitozi zimagwa msanga chifukwa zimafuna kusunga zinthu zingapo m'mutu motsatana. Kuphika nsima kokha kuli ndi kusonkha moto, kutereka madzi, kuthira ufa pang'ono madzi akafunda, kudikira phala libwate, kuwonjezera ufa, kuvundula ndi kuomola, uku diso lili pa ndiwo. Manja amene agwira mthiko zaka 60 saiwala kuvundula. Chimene chimasokonekera ndi ndondomeko: ufa wonse kuthiridwa kamodzi m'madzi ozizira, mchere kulowa kawiri mu ndiwo, mphika kupserera wophikayo atapita kukasesa.

Kuiwala wamba, kufooka pang'ono, ndi matenda enieni

Ukalamba pawokha umachedwetsa ubongo. Dzina la mdzukulu wa ku Lilongwe limathawa m'mawa n'kubwerera madzulo. Kuphunzira foni yatsopano kumatenga nthawi. Koma munthuyo amayendetsabe zake zonse, ndipo amadziwa kuti waiwala.

Pali gawo lapakati, limene Ronald Petersen ndi anzake a pachipatala cha Mayo Clinic ku America anafotokoza mu 1999, lotchedwa mild cognitive impairment, kutanthauza kufooka pang'ono kwa ubongo. Apa kukumbukira kwatsikadi kuposa kwa anzake amsinkhu womwewo ndipo achibale aona, koma munthuyo akudzidalirabe, ngakhale pang'onopang'ono komanso modalira zikumbutso. Mwa anthu otere amene amatsatiridwa m'zipatala, 10 mpaka 15 mwa 100 alionse amalowa mu dementia chaka chilichonse. Ena amakhala choncho zaka zambiri, ena amabwerera mwakale.

Dementia ndi pamene kufookako kwafika polanda ntchito. Buku la madokotala a zamaganizo a ku America lotchedwa DSM-5, la mu 2013, limasiyanitsa kufooka pang'ono ndi kufooka kwakukulu pa mfundo yomweyi: kodi munthu akufuna wina womuthandiza pa zinthu monga ndalama ndi mankhwala?

Dementia si nthenda imodzi. Mu 1906 dokotala wa ku Germany, Alois Alzheimer, anafotokoza za mayi wina amene anagonekedwa m'chipatala ku Frankfurt ali ndi zaka 51, akuiwala komanso kukayikira mwamuna wake popanda chifukwa. Mayiyo atamwalira, Alzheimer anapeza zinthu zoundana pakati pa maselo a ubongo wake ndiponso timaulusi topotana mkati mwa maselowo. Nthenda imene inatenga dzina lake ndi imene imayambitsa dementia mwa odwala 60 mpaka 70 mwa 100 alionse, ndipo imabwera mwakachetechete, kuyambira pa kuiwala zimene zangochitika kumene. N'chifukwa chake agogo amatha kufotokoza bwino za njala ya 1949 koma osakumbukira kuti adya kale.

Mtundu wachiwiri umachokera ku mitsempha ya magazi ya muubongo ikamatsekeka, nthawi zina ndi timasitiroko ting'onoting'ono tosaoneka. Uwu umakonda kutsika modumphadumpha: munthu amakhala chimodzimodzi miyezi ingapo, kenako n'kutsikanso mwadzidzidzi. Kwa ife mtundu uwu ndi wofunika kuuyang'anitsitsa, poti kafukufuku wa m'Malawi monse muno wa mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi BP yokwera, ambiri osadziwa. Palinso mtundu wa Lewy body, umene umachititsa munthu kuona anthu kapena nyama zomwe palibe, ndi wina wogwira mbali yakutsogolo ya ubongo, umene umayamba ndi kusintha khalidwe. Munthu waulemu wake amayamba kutukwana kapena kuvula pagulu, kawirikawiri asanafike n'komwe zaka 65.

Muyeso wa ku Philadelphia ukafika kwa Mkanda

Apa ndi pamene nkhaniyi imavuta, chifukwa miyeso yonseyi inapangidwira moyo wa kwina. Ngakhale Lawton ndi Brody eniake sankawerengera amuna pa kuphika, kuchapa ndi kukonza m'nyumba, poti amuna a nthawi imeneyo sankagwira ntchitozo. Mayeso otchuka oyezera kukumbukira ndi kuganiza otchedwa MMSE, amene Marshal Folstein ndi anzake anatulutsa mu 1975, ali ndi malikisi 30, ndipo amafunsa deti la lero, kuchotsera 7 pa 100 mobwerezabwereza, kulemba chiganizo ndi kukopera chojambula. Mayi amene sanapondeko m'kalasi akhoza kulephera mayesowa mutu wake uli bwinobwino. Nayenso mphunzitsi wopuma akhoza kukhoza matenda atayamba kale.

Ofufuza a ku Africa anayesetsa kukonza zimenezi. M'zaka za m'ma 1990, kafukufuku woyerekeza okalamba a ku Ibadan ku Nigeria ndi a ku Indianapolis ku America anagwiritsa ntchito mafunso osadalira sukulu, ophatikiza ndi kufunsa wachibale. Pambuyo pake, m'boma la Hai ku Tanzania, ntchito yotchedwa IDEA inapanga mayeso otchula mayina a nyama m'mphindi imodzi, kukumbukira mawu 10 ndi kusanja timitengo ta machesi motsanzira chitsanzo. Anafunsanso anthu a m'midzimo kuti munthu wamkulu wanzeru zake amagwira ntchito zanji. Mayankho ake sanali a foni kapena banki. Anali kuweruza mikangano, kulangiza, kufotokoza mbiri ya banja, kulera zidzukulu ndi kuyang'anira pakhomo ena akachokapo.

Ku Mchinji kuno mndandanda wotere si wovuta kuupanga. Bambo amene asankha fodya moyo wawo wonse akusakaniza magiredi m'belo limodzi. Nkhoswe imene inkamva mbali zonse ziwiri n'kugamula, lero ikutaya mutu wa nkhani pakati pa mlandu. Mayi amene ankadziwa masheya a aliyense kubanki m'khonde akufunsa kachitatu kuti lero n'lachingati. Wotsogolera nyimbo ku Chigwirizano kapena kumphakati akubwereza ndime imodzimodzi. Mwini munda akusochera pobwerera kudimba lomwe walima zaka 40.

Pali misampha itatu imene imasokoneza ngakhale odziwa.

Woyamba ndi kuwerengera munthu ntchito imene sanaichitepo. Ndondomeko ya Mtukula Pakhomo, imene inayambira m'boma lino la Mchinji mu 2006, imafikira okalamba ambiri, ndipo ndalama zikamabwera kudzera pafoni kapena pakhadi, ambiri amapatsa mdzukulu nambala yachinsinsi. Ngati sanaphunzirepo foni, kumeneko si kufooka. Ngati ankatapa okha ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba chaka chatha ndipo lero sakudziwa poyambira, pamenepo pali nkhani. Ndalama zenizenizo nazo zasintha mofulumira: K5,000 yapepala inatuluka mu 2022, ndipo mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Wodabwa ndi mtengo wa sopo sakudwala, tonse tikudabwa. Wolipira waganyu kawiri pa ndime imodzi ndiye wofunika kumuyang'ana.

Wachiwiri ndi thupi. Ng'ala, nyamakazi ndi kugontha zimalandanso ntchito. Funso losiyanitsa ndi ili: kodi akudziwa chochita koma thupi likukana, kapena thupi lili bwino koma ndondomeko yasokonekera? Mayi wa ng'ala atha kuuza mdzukulu kaphikidwe konse ali chikhalire pamphasa.

Wachitatu ndi ulemu wathu womwe. Munthu akakula timati apumule. Mpongozi amaphika, mdzukulu amatumidwa kugolosale, mwana amasunga ndalama. Zimenezi n'zabwino, koma zimabisa matenda, chifukwa ntchito zimene zikanaulula vuto zinachotsedwa kale m'manja mwa mwiniwake. Kawirikawiri banja limazindikira pamene kusamba kwayamba kuvuta, ndipo apo matenda amakhala atapita patali.

Njira yothandiza ndi kope wamba. Sankhani ntchito zisanu kapena zisanu ndi imodzi zimene agogowo ankazidziwa bwino. Pa iliyonse lembani chimodzi mwa zinayi: amachita okha, amachita akakumbutsidwa, amachita mothandizidwa, sangathenso. Bwerezani pakatha miyezi itatu iliyonse, wolembayo akhale yemweyo, makamaka amene amagona nawo pakhomo. Muziona pochitika ntchitoyo, osati kuwapanikiza ndi mafunso pagulu, chifukwa manyazi okha amaiwalitsa. Popita kuchipatala tengani kopelo, buku la kuchipatala, ndi mankhwala onse amene akumwa, kuphatikizapo ogula pagolosale ndi azitsamba.

Zofanana ndi dementia koma zochizika

Dementia imabwera m'miyezi ndi zaka. Ngati agogo anali bwino dzana ndipo lero sakuzindikira anthu, akuwodzera masana, kubwebweta usiku, kukhala bwino ola limodzi n'kusokonekeranso, achipatala amati ndi delirium, ndipo ndi zofunika kuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo. Zoyambitsa zake ndi malungo, chibayo, matenda a m'chikhodzodzo, mkodzo kutsekeka mwa abambo, kutha madzi m'thupi nthawi yotentha ya Okutobala kapena potsekula m'mimba, ndiponso shuga kutsika, makamaka kwa omwa glibenclamide koma osadya. Okalamba amatha kudwala kwambiri thupi osatentha, ndiye kusatentha kusakunamizeni. Munthu amene ali kale ndi dementia amagwidwanso ndi delirium mosavuta, choncho kutsika kwadzidzidzi kusamangotengedwa ngati matenda akale omwe aja.

Wina amagwa n'kumenyetsa mutu, n'kudzuka bwinobwino, koma patapita milungu ingapo n'kuyamba kusokonekera chifukwa magazi akhala akudontha pang'onopang'ono mkati mwa chigaza. Zimenezi zimachizika ndi opaleshoni, ndipo kujambula m'mutu kumachitikira kuzipatala zazikulu monga Kamuzu Central. N'chifukwa chake kugwa kulikonse kumafunika kukutchula kwa dokotala.

Matenda okhumudwa, amene amakonda kubwera mnzawo wapabanja akamwalira, amachititsanso munthu kusiya kuphika ndi kudzisamala. Wokhumudwa amadandaula yekha za kuiwala ndipo amayankha kuti sakudziwa, pomwe wa dementia nthawi zambiri amakana kuti pali vuto. Zina ndi kuchepa kwa vitamini B12, chithokomiro chofooka, chindoko chakale chofika ku ubongo, HIV, kachasu wa zaka zambiri, ndi pellagra, nthenda yobwera munthu akamangodya chimanga chokhachokha, imene imadetsa ndi kusenda khungu m'khosi ndi m'manja momwe mumawomba dzuwa. Mankhwala enanso monga amitriptyline, diazepam, promethazine ndi Piriton amasokoneza mutu wa okalamba. Musawasiyitse panokha, koma funsani ngati akufunikirabe.

Kuthandiza popanda kulanda

Luso limene munthu wasiya kuligwiritsa ntchito limatha msanga, ndipo mwa wodwala dementia silibwerera mosavuta. Choncho thandizo liyambire pochepa. Poyamba kumbutsani ndi mawu, chinthu chimodzi pa nthawi imodzi. Zikakanika, konzani zipangizo: madzi, sopo ndi chopukutira zikhale kale kubafa, zovala zisanjidwe mmene azivalire. Zikakanikabe, yambitsani ntchitoyo ndi dzanja lanu kuti iwo apitirize. Kuwachitira zonse kukhale komaliza. Ntchito zobwerezabwereza monga kutonola chimanga, kusenda mtedza, kusankha nyemba ndi kupeta zimakhalitsa, ndipo zimapatsa munthu malo ake pakhomo.

Pali zinthu zitatu zimene sizifunika kudikira. Mankhwala akumwa asungidwe ndi munthu mmodzi yekha, chifukwa ngozi yaikulu si kudumphitsa koma kumwa kawiri. Mankhwala a m'munda, oteteza chimanga ku anankafumbwe ndi parafini atsekeredwe, ndipo asathiridwe m'mabotolo a zakumwa. Pamoto pakhale wina pafupi. Za kuchimbudzi, kuwakumbutsa pakatha maola awiri kapena atatu alionse, kulambula njira ndi kuika chidebe m'chipinda usiku kumachepetsa kudzionongera ndi kugwa.

Kusochera kumakonda kuchitika chakumadzulo. Bambo amene anabwera pachikamwini zaka 50 zapitazo amanyamula thumba n'kunena kuti akupita kwawo, chifukwa m'mutu mwawo mwatsala mudzi wa ubwana wawo. Kutsutsana nawo kumangoutsa mkwiyo. Chimene chimathandiza ndi kuyenda nawo pang'ono, kuwafunsa za kwawoko, kenako n'kubwerera nawo. Kumangirira kapena kutsekera m'nyumba kumawonjezera mantha ndi ngozi. Sokererani kansalu kolembedwa dzina, mudzi ndi nambala ya foni mkati mwa chovala, ndipo dziwitsani amfumu, anansi ndi anyamata a kabaza, makamaka m'midzi ya m'malire momwe njira zachidule zimalowa ku Zambia.

Kudziwitsa mudzi kumatetezanso pa nkhani ina. Kuyenda usiku, kupezeka osavala, kulankhula ndi anthu osaoneka, zonsezi ndi zizindikiro zodziwika za matendawa, ndipo ndi zomwenso anthu amaziona ngati umboni wa ufiti. Wodwala dementia akazunguliridwa ndi gulu amatha kuvomera chilichonse chimene afunsidwa. Zoti ufiti ulipo kapena ayi si nkhani yathu pano. Chodziwika n'chakuti lamulo la 1911, limene likugwirabe ntchito, limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu.

Zimene akatswiri sanagwirizanebe

Funso loyamba ndi la kupewa. Gulu la akatswiri la magazini ya zachipatala ya The Lancet linanena mu 2024 kuti pafupifupi 45 peresenti ya dementia ikukhudzana ndi zinthu 14 zotheka kusintha, monga kusaphunzira, kugontha, kusaona bwino, BP, shuga, fodya, mowa, kuvulala m'mutu, utsi ndi kukhala kwawekha. Koma chiwerengerochi ndi chowerengera ngati zinthu zonsezo zitachotsedweratu, ndipo umboni wake wambiri ndi wochokera m'mayiko olemera. Chingakhale chokwera kapena chotsika bwanji pakati pa anthu olima ndi khasu, ophikira nkhuni, amene ambiri BP yawo sinayezedwepo?

Lachiwiri ndi lakuti chimayamba n'chiti. Okalamba amene amachezabe ndi kugwira ntchito amachedwa kufooka. Ena amati ntchitoyo ndi imene ikuteteza ubongo, ena amati ubongo wabwinowo ndi umene ukuwalola kugwirabe ntchito, ndipo amene asiya anali atayamba kale kudwala. Mwina zonse ziwiri n'zoona, koma kukula kwa mbali iliyonse sikunagamulidwe.

Pa mankhwala, donepezil ndi memantine amachepetsa zizindikiro kwa kanthawi koma saimitsa matenda. Lecanemab, amene anavomerezedwa ku America mu 2023, anachedwetsa kufooka ndi 27 peresenti m'miyezi 18 pa kafukufuku wake, koma poyambira amaperekedwa m'mitsempha milungu iwiri iliyonse ndipo amafuna kujambula ubongo pafupipafupi chifukwa amatha kutupitsa ubongo kapena kuchititsa magazi kudontha. Madokotala akutsutsanabe ngati kusiyana kumeneko banja lingakuone pakhomo.

Ndiye pali mafunso amene sali a madokotala okha. Munthu akhoza kulephera kuwerengera ndalama koma n'kumadziwa bwino amene akufuna kuti adzatenge munda wake. Kodi ndani angagamule kuti pa nkhani iyi mawu ake akugwirabe ntchito, pa iyo ayi, makamaka pamene wogamulayo ndi yemwenso adzapindule? Ndipo miyeso yonse tatchulayi imaganiza kuti pali wina wosamalira amene angafunsidwe. M'makomo ambiri ana ali ku Lilongwe, ku Chipata kapena ku Johannesburg, ndipo agogo ndi amene akulera zidzukulu. Iwowo akayamba kuiwala mphika pamoto, woyamba kuona amakhala mwana wa Sitandade 4, yemwe alibe woti akamuuze.